Bakuli la madzi pa kaliyala

Mkazi wanga anali wa ku Nyachikadza, kumadambo a ku Nsanje, kumene mwana amadziwa kupalasa bwato asanadziwe kudzisambitsa. Ine ndine wa ku Chapananga, kumene madzi timachita kufukula mumchenga. Tsiku limene ndinafika naye kwathu anayang'ana minga, mbuzi ndi mapira athu ofota, kenako anandiyang'ana ine n'kufunsa kuti, "Kodi anthu a kuno munamulakwira chiyani Mulungu?" Tinakhala limodzi mpaka kuona zidzukulu, koma funsolo sanalitaye. Chimene anabwera nacho kuchokera kwawo, kupatula pakamwa pakepo, chinali mphukira ya nthochi. Anaibzala kuseri kwa bafa kuti izimwa madzi osamba, ndipo mbuzi iliyonse yoyandikira pamenepo inkalawa chikuni.

Matenda anamuyamba mwakachetechete, m'mimba chakumunsi, matenda aja amayi satchula pamaso pa amuna. Anabisa mpaka kubisako kunakanika. Titafika kwa madokotala a ku Blantyre anatiuza mwaulemu kuti tachedwa, chimene chatsala n'kumuchepetsera ululu basi. Anatibwezera kuchipatala cha pa boma ku Chikwawa, kuti mwezi ndi mwezi anamwino azimuona ndi kumupatsa mankhwala amadzi a m'botolo oziziritsa ululuwo. Kutuma munthu kukangotenga botolo sikunkakwanira. Anamwino ankafuna kumuona mwini wake, kuti adziwe ngati n'kofunika kuwonjezera.

Kuchokera kwathu kukafika pa boma ndi ulendo woti unyamuke kusanatenthe, ukafike dzuwa lili paliwombo. Mbali ya kufupi ndi boma ndi ya phula, ndipo phulalo limayambira pa mlambe wina waukulu pamene pali mjigo. Koma kuchokera pakhomo pathu kukafika pa mlambewo ndi miyala, zigwembe, tinjira touma todutsa ngolo, ndi mtsinje wa mchenga wokhawokha umene umameza tayala. Njinga imene ndinali nayo inali yakuda, yakale, yonyamulira thonje ndi makala. Inali yolimba ngati bulu, ndipo chifundo chake chinalinso cha bulu. Mwala uliwonse umene tayala lakumbuyo linkaponda unkakafika m'mimba mwa mkazi wanga. Ndinkaumva mwalawo kawiri, koyamba m'mahandulo, kachiwiri pamsana panga pamene iye ankati, "Mayo ine!" Ulendo wonse unali wa mawu amenewo.

Tinayesako njinga yamoto ya kabaza. Mnyamata wake ndinamuchonderera kuti ayende pang'onopang'ono, anavomera ndi mutu, koma dzanja lake silinamve. Anafika naye atasanza, nkhope itatuwa. Tinayesa ngolo ya ng'ombe ya alamu anga, koma ngolo imagwedeza munthu mpaka mano, ndiponso tsiku limathera panjira.

Tsiku lina, botolo lili pafupi kutha, ndinamuuza kuti akonzeke mawa tipite. Anali atagona pamphasa pakhonde, nkhope atalozetsa kukhoma.

"Nkhabe," anatero.

Mawu amenewo ndi akuti ayi m'Chisena cha kwawo. Akakana m'Chichewa ndinkadziwa kuti pali pokambirana. Akakana m'Chisena, mlandu unkakhala kuti watha.

"Amayi, mankhwala akutha."

"Athe. Matendawa akundidya pang'onopang'ono, koma njinga yanuyo imandidya tsiku limodzi. Ndisiyeni ndifere pamphasa pano, abambo."

Ine mtima wanga ndi wapachala, aliyense kwathu amadziwa. Ndinakalipa, ndinatchula ana, ndinatchula abusa, ndinamenya chitseko cha khola chimene sichinalakwe kanthu. Ndinkadziwa mmene iye ankakhalira botolo likatha, chifukwa ndinali nditaonako kamodzi, akuluma nsalu kuti zidzukulu zisamve. Ndinachita mantha, ndipo manthawo ndi amene ankatuluka ngati ukali.

Nditatopa n'kukhala pansi pafupi naye, anatembenuka.

"Mukufuna ndipite? Kapezeni njinga yoyenda ngati mwadiya."

Mwadiya ndi bwato la kwawo, logoba pamtengo. Ndinamufunsa kuti njinga yotero ndikaidziwa bwanji, poti wokhala kutsogolo samva zimene akumva wakumbuyo. Anatuma mwana wathu wamkazi, amene anali atasiya banja lake kudzatithandiza, kuti atenge bakuli lake loyera la maluwa ofiira m'mbali, limene ankasungira alendo.

"Mukathire madzi kulekeza pa maluwapa. Mukalimange pamene ndimakhala ine. Mukayende pa msewu woipa, ndiye mukaone otsala. Thupi langali ndi mmene lililimu, lodzaza mpaka pa maluwa."

Ndinatsegula khola n'kugulitsa mbuzi zimene ndinkati ndi za ukalamba wathu, chifukwa ukalamba wake unali umenewo. Loweruka ndinakwera galimoto kupita ku Nchalo, kumene kumabwera njinga za kaunjika zochokera kunja. Bakuli ndinalikulunga m'nsalu, pamodzi ndi malegeni omangira ndi chigubu cha madzi.

Wogulitsa anali mnyamata wa pakamwa pothwa, wovala magalasi akuda ngakhale anali pamthunzi. Atangomva kuti ndikufuna njinga ya ulendo wautali, anandikokera ku ina yofiira, yonyezimira, ya mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Matayala ake anali opyapyala ngati chala changa chaching'ono.

"Iyi, madala, ndi mphepo. Mukanyamuka pano, tiyi wa ku Nsanje mukamupeza akadali wotentha. Tainyamulani muone."

Ndinainyamula ndi dzanja limodzi, inali pepuu. Sindinama, mtima unaikonda. Mwamuna aliyense ali ndi kamnyamata m'kati mwake kamene sikakalamba. Koma ndinamuuza kuti andimangirire kaliyala, yakale iliyonse, ngakhale ndi mawaya, chifukwa ndikufuna kuyesa. Anadabwa, koma poona kuti ndine wogula weniweni anamanga. Ndinatulutsa bakuli, ndinalikhazika pa kaliyala, ndinalizinga ndi malegeni, ndinathira madzi mpaka pa maluwa.

Pafupi pomwepo panali poimika njinga anyamata a kabaza. Anasiya bawo n'kubwera.

"Madala, mwayamba geni ya msuzi?"

"Ayi, akusamutsa nsomba!"

Kuseri kwa msika kuli msewu wafumbi umene mathirakitala a nzimbe anaukumba mizere. Ndinalowa mmenemo. Kanjingako kankathamanga zedi, koma kankanjenjemera ngati kali ndi malungo, ndipo pa kamchenga kochepa chabe tayala lakutsogolo linamira n'kufuna kundigwetsa. Pobwerera m'bakuli munali madzi osakwana kumwetsa nkhuku. Ena onse anali pa thalauza langa, kumbuyo. Anyamata aja anaseka chikhakhali mpaka wina anakhala pansi, akuti madala adzikodzera chifukwa cha liwiro. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinaibweza.

Yachiwiri inali ya m'mapiri, ya matayala a zigoba zikuluzikulu ndi sipuling'i pakati. Wogulitsa anati iyi ndiye sofa. Mumchenga inadutsa bwino, koma sipuling'iyo inkadumphitsa kumbuyo konse, madzi n'kumalumphira m'mwamba. Pa phula inkalira ngati njuchi ndi kukoka miyendo, moti ndinadziwa kuti ndi munthu kumbuyo ndikanafika pa boma mawondo atatha. Ndiponso kaliyala inalibe pogwira penipeni. Ndinayesa zina. Chigubu changa chinatha, ndinakapempha madzi kwa amayi a pa lesitilanti. Dzuwa la ku Nchalo linandiwamba, anthu oonerera anachuluka, ana asukulu ndi amayi a tomato, aliyense ndi nthabwala yake.

Ndiye wina mwa anyamata aja anatola kamwala n'kuponya m'bakuli, kuti thuu, akuti tione ngati nsomba ilimo. Pamenepo mtima wanga unaduka. Ndinaimika njinga, ndinamuyandikira mpaka anabwerera m'mbuyo.

"Iwe, ukudziwa chimene wagendacho? Ameneyo ndi mkazi wanga. Ali pamphasa kunyumba, m'mimba mwake muli moto, ndipo sangafike kuchipatala chifukwa msewu umamupweteka kuposa matenda. Madzi akatayika apa, ndiye kuti iye walira. Tsopano seka. Sekani nonse!"

Ndinachita manyazi kuti ndalira pamsika ngati mwana. Mnyamata uja anavuula kamwala kake ndi zala, anatenga chigubu changa n'kupita kukatunga madzi. Wogulitsa anavula magalasi. Analowa kuseri kwa shedi yake n'kutulutsa njinga imene sanaiike kutsogolo chifukwa utoto wake wobiriwira unali utasuluka.

Inali yaitali thupi, ya chitsulo, mahandulo opindika ngati yofiira ija koma okwererapo. Matayala ake anali onenepa, otambalala ngati zala zitatu, osalala pakati, tizigoba tating'ono m'mbali mokha. Masipoko anali ochuluka ndi okhuthala, magiya analipo, ndipo kumbuyo kunali timabowo tomangirapo kaliyala ndi mabawuti. Inali njinga yoti amene anaipanga ankadziwa kuti munthu adzakhalapo tsiku lonse, ndi katundu. Ndinaikwera. Mumchenga muja inadutsa osapotoza mutu, pa phula inangoti myaa osalira. Pobwerera madzi anali atatsika, koma oposa theka analimo.

Ndinaima n'kumayang'ana m'bakulimo. Zinali bwino kuposa zonse, koma madzi otayikawo ndinkawamvabe pamsana panga. Pamenepo mayi wina amene anakhala akuonerera, wogulitsa mazira amene ankabwera nawo panjinga kuchokera cha ku Ngabu, anayandikira n'kutsina tayala lakumbuyo ndi chala.

"Bambo, tayala lili gwa chonchi ndi la makala. La mazira timaphwetsa pang'ono. Lanuli ndi lonenepa, lili ndi pophwetsera, silingalume chubu."

Anawerama yekha, anatsegula valavu, mpweya unati fyii, anatsinanso, anachita chimodzimodzi kutsogolo. Tinadzazanso bakuli. Nditabwerako ulendo umenewo, madzi anali akukhudzabe maluwa. Anyamata a kabaza aja anaombera m'manja, ndipo ndi iwo amene ananditengera kwa wowotcherera wawo. Iye anandipangira kaliyala yotambalala, yokhala ndi chotsamira kumbuyo ndi popondera mapazi, n'kuikapo siponji yochindikala yokutira ndi chikopa cha pulasitiki. Ndinagulanso pampu yaing'ono yomangirira pa felemu.

M'mawa mwake ndinaipalasa kuchokera ku Nchalo mpaka kwathu. Ndinafika msana uli bwino, manja osachita dzanzi, chifukwa mahandulo opindika aja amalola munthu kusintha pogwira akatopa. Mkazi wanga anadzuka pamphasa, anaizungulira atagwira khoma, anamenya tayala ndi chikhatho.

"Yonenepa miyendo ngati ine ndili mtsikana," anatero. "Bakuli langa mwabwera nalo?"

Ndinamusonyeza. Analiyang'ana ngati lasupuka, kenako anafunsa za madzi. Ndinamufotokozera zonse, mpaka za thalauza, ndipo anaseka atagwira pamimba, kuseka kumene ndinali nditakuiwala. Madzulo ake ndinamukweza, tinazungulira kumunda n'kubwerera. Potsika anati, "Pyadidi," kutanthauza kuti zili bwino. Botolo linali litatsala madontho okha. Tinanyamuka kutangocha.

Ulendo woyamba umenewo sindidzauiwala. Ndinkapalasa khutu lili kumbuyo, kudikira "mayo ine". Tinadutsa miyala ya kuseri kwa sukulu, chete. Tinatsika chigwembe, chete. Tinaoloka mchenga wa mumtsinje osatsika panjinga, chete. Mantha anandigwira, ndinaima.

"Amayi! Amayi!"

"Mukundidzutsiranji?" anatero ndi mawu a tulo. "Ndinali kwathu, tikupita kukazula nyika."

Nyika ndi timizu ta m'madzi timene kwawo amadya nthawi ya njala. Anandikalipira kuti woyendetsa mwadiya sadzutsa okwera. Ine ndinaseka ndekha mpaka pa mlambe. Kuyambira tsiku limenelo ndinaphunzira kuti chete wa kumbuyo kwanga ndiye malipiro anga. Akakhala chete ndinkadziwa kuti ndikuyendetsa bwino.

Tinakhala ndi kachitidwe kathu. Kunyumba ndinkanyamuka matayala ali ofewa. Pa mlambe ndinkapopa, kuti pa phula tiyende mopepuka, iye atakhala pa muzu akumwa madzi a pa mjigo. Pobwerera, pa mlambe pomwepo, ndinkaphwetsa. Sankandikhulupirira pa zimenezi ngakhale kamodzi. Nthawi zonse ankafunsa kuti, "Mwaphwetsa?" ndipo ine ndinkayankha kuti, "Ndaphwetsa, bwana." Njira ndinaidziwa ngati munda wanga, mwala uti wozemba, mzere uti wotsata, malo ati oti ndisiye kupalasa njinga iziyenda yokha.

Miyezi imeneyo, ngakhale inali ya matenda, inali yokoma, ndipo ndimachita manyazi pang'ono kunena choncho. Pa ukwati wathu wonse sitinayendepo awiriwiri ngati mmene tinayendera pamenepo. Kale ndikakwera njinga kumbuyo kunkakhala thonje, iye ali kumunda. Tsopano tikatuluka kuchipatala ankandiuza kuti ndimuperekeze akaone Shire. Tinkaima pamtunda, iye n'kumayang'ana madziwo nthawi yaitali, akuti amenewa mawa akhala akudutsa kwawo. Tinkagula mlamba wowamba, ankaununkhiza n'kunena kuti a kuno sadziwa kuwamba, koma ankadyabe. Ndinamulonjeza kuti tikakolola mapira ndidzapita naye ku Nyachikadza pa njinga yomweyi, tizigona m'njira kwa abale. Anati, "Inu ndi mawondo anuwo?" koma nsalu yoti adzavale anaisankha.

Mapira asanache anayamba kufooka. Manja ake, amene ankandigwira m'chiuno, analeka kugwira. Mwana wathu anayamba kumamumangirira kwa ine ndi zitenje, chimodzi m'chifuwa china m'chiuno, monga amaberekera mwana, mutu wake n'kutsamira pakati pa mapewa anga. Anali atapepuka kwambiri moti pa chitunda sindinkasinthanso giya. Anthu m'njira analeka kutipatsa moni wanthabwala, ankangovula zipewa.

Ulendo womaliza, namwino wamkulu, mayi wodekha amene anatizolowera, atamuona ananditengera pambali. Anati masiku atsala ochepa, ndipo tikhoza kusankha, kumugoneka m'chipatala kapena kupita naye kunyumba ndi mankhwala owonjezera. Ndinapita kukamufunsa mwini wake. Sanadikire kuti ndimalize.

"Nkhabe. Nthochi yanga yatulutsa mkoko. Ndikufuna ndikaione."

Anamupatsa mankhwala, tinadikira pamthunzi kuti dzuwa lipendeke, ndipo anamwino awiri anandithandiza kumumangirira. Pa phula sanalankhule. Titafika pa mlambe sindinamutsitse, ndinapempha mayi wina amene ankatunga madzi kuti anditsegulire mavalavu ine nditaponda pansi, ndikumuuza polekezera. Nditati ndinyamuke ndinamva mawu pamsana panga, aang'ono kwambiri.

"Mwaphwetsa?"

"Ndaphwetsa, bwana."

"Takhuta."

Ndiko kuthokoza kwa kwawo. Ndinamva mpweya wake wofunda ukudutsa malaya anga, ndipo tinalowa m'fumbi.

Tsiku limenelo ndinayendetsa njinga kuposa masiku onse a moyo wanga. Ndikunena mosadzitama. Panalibe mwala umene ndinauponda, mumchenga ndinadutsa ngati ndikuyenda pa mphasa, pa chigwembe ndinatsika mabuleki ali m'manja, pang'onopang'ono. Kumbuyo kunali chete, ndipo mtima wanga unkakondwa. Ndinkati wagona, ali kwawo, akuzula nyika. Ndinkamulankhula motsitsa mawu kuti ndisamudzutse. Ndinamuuza kuti mapira a alamu agwa ndi mbalame chifukwa cha ulesi. Ndinamuuza kuti nthochi ikapsa sitigawira aliyense. Ndinamuuzanso zina zimene mwamuna wa msinkhu wanga sanena mkazi ali maso. Ndinkamva kulemera kwa mutu wake pamsana, ndipo sindinaime ngakhale pamodzi, chifukwa woyendetsa mwadiya sadzutsa okwera.

Tinafika dzuwa lili pafupi kulowa. Mwana wathu anatuluka kudzamasula zitenje. Ndinamuuza monong'ona kuti achite pang'onopang'ono, amayi ake agona bwino njira yonse. Anamasula mfundo yoyamba, anagwira tsaya la amayi ake, ndipo ndinamva manja ake ataima. Kenako analira kulira kumene kunaitana mudzi wonse.

Ine ndinali ndikadali pa chishalo, mapazi pansi, mahandulo m'manja. Sindikanatha kutsika, chifukwa chitenje chachiwiri chinali chikadatimanga pamodzi.

Za maliro sindinena zambiri. Abale ake anabwera kuchokera ku Nsanje, anaimba nyimbo za kwawo, anabwerera. Anthu ankandipepesa ponena kuti anapita bwino, ali pamsana pa mwamuna wake, ndipo ndinkavomera ndi mutu. Koma m'kati ndinali ndi ukali umene ndinkasowa woupatsa. Pa mlambe anali moyo. Pakhomo anali atapita. Pakati pamenepo pali mtunda wautali, ndipo sindidziwa kuti anandisiyira pati. Kaya pa mchenga, kaya pa chigwembe, kaya pamene ndinkanena za mapira a alamu. Sindidziwa ngati mawu ena aja anawamva. Ndinafuna chete, ndinamugulitsira mbuzi, ndipo chete yemweyo anandibisira nthawi imene ndikanaima n'kumugwira dzanja. Walira mvula walira matope, amatero, koma matope ena ndi ozama.

Njinga ndinaiponya m'khola lopanda mbuzi lija, nkhuku zinkagona pa chotsamira. Tsiku lina ndinauza mwana wanga kuti ikanakhala yakuda ija ndikanadziwa, chifukwa ndikanamva pamene mawu alekera.

Anandiyang'ana ndi maso a amayi ake.

"Mukanamva chiyani, bambo? Mukanamva akulira. Ndi zimene mukufuna kuti muzikumbukira?"

Funso lake linabala lina limene linandisowetsa mtendere kuposa loyamba. Nanga ngati sanali m'tulo? Nanga ngati msewu unkamupweteka monga kale, koma analibe mphamvu yonenera "mayo ine", ine n'kumakondwa kutsogolo? Ndinkadya, osamva kukoma. Ndinkapita kumunda, n'kubwerera khasu lili louma.

Mapira atakololedwa, m'mawa wina ndinalowa m'khola, ndinapukuta zitosi, ndinathira mafuta pa tcheni. Ndinatenga bakuli la maluwa ofiira ndi malegeni, n'kupita pa mlambe. Ndinadikira mpaka dzuwa litapendeka ngati tsiku lija. Ndinatunga madzi pa mjigo, ndinathira kulekeza pa maluwa, ndinamanga pa siponji pamene ankakhala. Ndinaphwetsa matayala mmene ndinaphwetsera tsiku lija. Amayi a pa mjigo ankandidziwa, palibe amene anaseka.

Ndinadutsa momwe ndinadutsa, mzere womwewo, liwiro lomwelo. Sindinacheuke njira yonse, ngakhale khosi linkafuna. Pa mchenga misozi inanditsekera maso, koma miyendo inkaidziwa njira. Nditafika pakhomo ndinaponda pansi, ndinakhala kaye pa chishalo, ndikuopa. Kenako ndinatsika n'kuyang'ana.

Madzi anali pa maluwa. Siponji inali youma.

Ndinamasula malegeni, ndinanyamula bakuli ndi manja awiri, ndinazungulira kuseri kwa bafa. Mkoko uja tinali titadula kale, koma pambali pa tsinde panali patatuluka mphukira ina. Ndinagwada n'kuthira madziwo pang'onopang'ono, ndipo dothi la kwathu linamwa onse nthawi yomweyo.